Mawaya a M'kachipinda ka Pakati

Azamba anagwira ntchito m'zipatala za eni ake zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mwezi wawo womaliza pantchito utayandikira, mtima wawo wonse unali pa nyumba ina ya m'mbali mwa msewu wa mabasi, momwe kale munkasungidwa matayala. Amisiri anali ataigawa kale kuti ikhale chipatala cha amayi: wodi ya mabedi asanu ndi atatu, chipinda chochiriramo, chipinda cha mankhwala, polandirira odwala ndi timaofesi tiwiri. Fungo la matayala linali litayamba kugonja ku fungo la penti.

Pakati pa kolido panali kachipinda kopanda zenera, kongokwana munthu mmodzi ndi makwerero ake. M'siling'i mwake munkatuluka mtolo wa nthambo makumi anayi, zolendewera mpaka kukhudza pansi ngati mizu ya kachere. Ina inachokera ku belu la pabedi loitanira namwino, ina ku foni, ina ku kompyuta. Mmisiri wa magetsi amene anazikoka anamata kapepala ka nambala kunsonga kwa nthambo iliyonse, n'kunyamula zida zake kupita ku ntchito ina kutali. Chimene chinatsala chinali kukhomera mawaya a m'nthambozo pa bolodi lolumikizira, kuti belu lidziwe kolira, foni idziwe koitana.

Popeza azamba anali akupitabe kuntchito, zomangamanga zonse anazisiya m'manja mwa amuna awo. Amunawo anthu ankawatcha a Zilibwino, ndipo dzinali sanalitole panjira. Telala wina anawasokerapo buluku mwendo wina wautali, wina waufupi. Iwo analiyesa, nati, "Zili bwino," n'kumaimirira chopendekeka chaka chathunthu kuti telalayo asachite manyazi. Anali munthu wa mtima wabwino, koma mawu akuti "ayi" sakanatuluka m'kamwa mwawo ngakhale mutawazondotsa n'kuwagwedeza ngati botolo.

Woyamba kudzaona kachipindako anali achimwene awo aakulu, a Lamya, amene anakalambira pantchito yokonza matelefoni ndipo tsopano anali atapuma. Ndiwo analera a Zilibwino bambo awo atamwalira, choncho mawu awo pabanja ankalemera ngati mphero.

"Usavutike n'kufunafuna anthu," anatero a Lamya, akusisita mtolo wa nthambowo ngati wogula mbuzi. "Apa tiika mabolodi a mtundu wa 66. Mano ake ndi achitsulo, ali poyera, mizere yake imawerengeka. Ukakhoma waya, chida chimati tha, n'kudula chotsala, nkhani yatha. Foni ikafa, umangopana chomvera chako pamano, wadziwa pomwe pali matenda. Ndakhoma amenewa zaka makumi atatu. Ena ndinawakhoma iwe uli pasukulu, mpaka lero akugwira ntchito."

"Zili bwino, achimwene."

"Ndiyamba Lolemba. Undidulitsire kiyi."

Loweruka kunabwera mng'ono wa azamba, mayi wa ana atatu, amene ntchito yake inali yolumikiza makompyuta m'maofesi akuluakulu. Kwawo ankamutcha Injiniya. Anatenga nsonga ya nthambo imodzi, naisenda pang'ono, naonetsa mlamu wake zam'kati.

"Taonani, alamu. Mawaya asanu ndi atatu, opotana awiriawiri. Kupotanaku si kukongoletsa ayi, ndi kumene kumateteza uthenga wa kompyuta kuti usasokonezeke panjira. Mukawamasula kwambiri, kompyuta imayenda ngati nkhono, mwinanso kungoima. Bolodi la 110 limalandira mawaya akadali opotana mpaka pa dzino penipeni. Tiike limenelo, zonse zikhale pamodzi."

A Zilibwino anakanda kumutu. "Nanga aja achitsulo, a 66?"

"Si oipa. Pa mabelu ndi mafoni amagwira bwino. Munthu atha kuika mabelu ndi mafoni pa 66, makompyuta pa 110, koma pakhale munthu mmodzi wolemba pulani ndi kuyang'anira. Bwanji, alipo wina wakuuzani za 66?"

"Ayi, ndimangomva anthu akamakamba."

"Ndiye ndiyambe Loweruka likubwerali?"

"Zili bwino, alamu."

Pamenepo ndi pomwe panafunika mawu awiri kapena atatu okha, ndipo a Zilibwino ankadziwa. Koma akaganiza zouza achimwene awo kuti azilandira pulani kwa munthu amene anamuona akunyamula maluwa paukwati ali kamwana, zinkawakanika. Akaganiza zokana mng'ono wa akazi awo, zinkawakanikanso chimodzimodzi. Ndiye anawerenga masiku pa zala. A Lamya ankapezeka Lolemba mpaka Lachitatu, masiku enawo ankakhala kumunda kwawo kunja kwa tauni. Injiniya ankapezeka Loweruka ndi Lamulungu masana. Awiriwo sakanakumana. A Zilibwino anapita kukadulitsa makiyi awiri, akudziuza kuti ntchito ikayamba mmodzi adzatopa yekha n'kusiyira mnzake, iwo osakana munthu.

Kunyumba azamba anawafunsa akuvula nsapato za kuntchito. "Nanga za mawaya zija, bambo, mwapeza munthu?"

"Anthu alipo, mayi."

"Oyendera zipatala abwera Lachinayi la sabata yachitatu. Popanda chiphaso chawo sititsegula. Anamwino atatu ndawalonjeza ntchito, amayi oyembekezera khumi ndi mmodzi alembetsa kale. Musandiuze kuti zili bwino, ndiuzeni kuti zitheka."

"Zitheka."

Lolemba a Lamya anafika ndi chikwama chawo chachikopa chimene chinali chitada ndi thukuta la zaka. Anakhoma mabolodi anayi a 66 pakhoma lakumanzere, mowongoka ngati anayeza ndi ulusi. Kenaka anayamba kusenda nthambo monga anazolowera pa mafoni: chikopa chakunja ankachichotsa kuyambira kunsonga mpaka utali wa chigongono, n'kumasula mawayawo limodzilimodzi kuti agone bwino m'mizere. Timapepala ta nambala tinagwa pansi pamodzi ndi zikopazo, koma iwo sanadandaule, popeza ankalemba nambala zawozawo m'kabuku ka m'thumba. Pofika Lachitatu khomalo linkaoneka ngati nsalu yolukidwa. Ngakhale opaka penti ankasuzumira n'kumayamikira.

Loweruka Injiniya anatsegula chitseko ndi kiyi wake, naima chilili.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Aa, zimenezo," anatero a Zilibwino, maso ali ku siling'i. "Achimwene anangodutsa kudzayesa ngati nthambozi zili zamoyo. Ndi zongoyembekezera. Inu chitani zanu."

"Kuyesa nthambo munthu amakhoma mabolodi anayi? Nanga nambala zili kuti?"

"Mwina osesa anataya."

Injiniya anapumira m'mwamba, koma analemekeza mkulu amene panalibe. Mawaya onse omasulidwawo kwa iye anali otayika, choncho anawadula pomwe chikopa chinathera. Tsiku lonse analitha akuyenda chipinda ndi chipinda ndi kamakina kolira, kufufuza nthambo iliyonse kumene yachokera, n'kumata nambala zatsopano. A Zilibwino ankamutsata pambuyo atanyamula madzi akumwa. Lamulungu madzulo nthambo zonse zinali zitakhomedwa pa bolodi loyera la 110 pakhoma lakumanja. Poyamba zinkakhudza pansi, tsopano zinali zitasiya pansi patali.

Lolemba lachiwiri a Lamya anapeza mabolodi awo ali ndi tizidutswa ta mawaya tokhatokha, ngati nkhuku yosomoledwa. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Walowa muno ndani?"

"Ndi alamu aja, achimwene, mng'ono wa akazi anga. Anangobwereka nthambozi kuti ayese makina awo a kompyuta. Atha. Zabwerera kwa inu."

"Kubwereka kwake n'kudula? Ana a masiku ano ntchito ya mnzawo saiopa."

Asanazule, a Lamya anafuna kumva ngati pulasitiki yoyerayo imagwiradi waya monga anthu amanenera. Anatenga chida chawo, chomwe lumo lake linali la 66, nakhoma pa mano a 110. Lumo la bolodi lina silikwana pa bolodi linzake. Dzino loyamba linakanuka, lachiwiri linathyoka, ndipo pofika lachisanu ndi chimodzi iwo anali atatsimikiza zimene ankafuna kutsimikiza.

"Waona? Zidole izi. Ukangokhudza zasweka."

"Zoonadi, achimwene."

Anazula nthambo zonse, nazisendanso utali wa chigongono, nazikokera kumanzere. Zina zinafika mosavuta, zina anachita kuzikoka mpaka zotsalira za m'denga zinatsika. Sabata yomweyo amisiri a siling'i anafunsa a Zilibwino ngati angatseke denga lonse la m'kolido n'kupaka penti, popeza mawaya ankaoneka kuti atha. Anafunsanso ngati asiye kabowo kolowera munthu. Woyang'anira amisiriwo anati kabowo kamanyansitsa denga, ndipo a Zilibwino anagwirizana naye.

Loweruka lachiwiri Injiniya sanaime chilili. Anaika chikwama pansi, nagwira mano othyoka a bolodi lake limodzilimodzi, ngati mayi wowerenga mabala a mwana amene wamenyedwa kusukulu.

"Ndipatseni nambala ya foni ya bambo aakuluwo. Ndilankhule nawo ndekha."

"Ayi, alamu, chonde. Achimwene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mukawayankhula mwadzidzidzi titha kuwanyamula. Ndisiyireni ine, ndikudziwa polowera."

"Munanena kuti ankangoyesa."

"Ukalamba, alamu. Amaiwala kuti anayesa kale."

Injiniya anatuluka panja n'kuimbira mkulu wake. Azamba anayankha ali pakati pa ntchito, kumbuyo kukumveka mwana wakhanda akulira.

"Achemwali, kuno mawaya akuvuta. Pali anthu awiri akugwira ntchito imodzi."

"Iwe, ndili ndi mayi patebulo. Za mawaya kamba ndi alamu ako, ndi amene akudziwa zonse." Foni inadulidwa.

Anabwerera m'kachipindamo nkhope ili gwa. Anadulanso zomasulidwa zija, ndipo ulendo uno nthambo zambiri zinakana kufika pa bolodi lake. Analizula pakhoma, nalikweza pafupi ndi siling'i, nagwira ntchito ali pamwamba pa makwerero, khosi litapindika. Kamakina kolira kanayendanso chipinda ndi chipinda. Lamulungu madzulo anatsika, napukuta manja, nayang'ana mlamu wake m'maso.

"Tamverani, alamu. Nthambo si tsitsi, siimeranso. Aliyense akadula, imafupika. Izi zafika pomaliza. Wina akangodulanso kamodzi, tiphwanya denga n'kukoka zatsopano. Muwauze bambo aakulu mawa m'mawa, asanatsegule chikwama. Ngati mukuwafuna iwowo, ndiuzeni, ine sindikwiya. Koma sankhani."

"Ndamva, alamu. Mawa ndiwauza."

Ndipo anafunadi kuwauza. Lolemba anafika molawirira, naima pakhomo akubwereza mawu mumtima ngati mwana woloweza ndakatulo. A Lamya anatsika basi akutsimphina pang'ono, atanyamula chikwama chawo kudzanja limodzi, kwinako kathumba ka mapeyala a kumunda kwawo.

"Awa upatse alamu anga," anatero. "Ukudziwa, dzulo ndimaganiza. Tsiku lomwe tinaika bambo m'manda unali ndi nsapato imodzi. Lero uli ndi chipatala, ndipo mawaya ake akukhoma ndine. Ndikafa, anthu azidzati mkulu wake anasiyapo dzanja."

Mawu onse amene a Zilibwino analoweza anasungunuka ngati mchere m'madzi. Analandira mapeyalawo, nathokoza, natsegula chitseko cha kachipinda ndi dzanja lawo lomwe.

A Lamya ataona mabolodi awo ali pululu kachiwiri, anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Mtsikana ameneyu akundiyesa chiyani? Iwe sunamuuze kuti ntchito ino ndi yanga?"

"Ndinamuuza, achimwene. Ndi wamakani."

Mkuluyo anakwera makwerero, mng'ono wake atagwirira. Nthambo zimene anazifikira anazidula. Zinakana kutsika mpaka pa mabolodi ake, ndiye anatulutsa mpukutu wa waya wakale wa telefoni m'chikwama, nalumikiza popota ndi zala n'kukulunga tepi yakuda. Zina zinali pamwamba kwambiri, ndipo mawondo ake sanalole, choncho zinatsala pa 110. Zinayi kapena zisanu, atangozidula, zinathawira m'paipi ya m'denga ngati mbewa, osaonekanso. Nambala za Injiniya zinagwa pansi. Nambala za m'kabuku ka a Lamya zinali za sabata yatha, ndipo iwo anazitsata mongoganizira. Lachitatu madzulo anatseka chikwama, nati zotsalazo adzamaliza sabata ya mawa. A Zilibwino sanawakumbutse kuti oyendera akubwera kukacha.

Lachinayi azamba anavala yunifolomu yatsopano. Anamwino atatu aja anabwera kudzayala mabedi. Oyendera anafika awiri, bambo wonyamula mafayilo ndi mayi wa imvi amene ankayankhula pang'onopang'ono. Anaona madzi, zimbudzi, kabati ya mankhwala, potayira zinyalala, ndipo paliponse cholembera chinkachonga. Nkhope ya azamba inayamba kumasuka. Kenaka mayi wa imviyo analowa mu wodi, nakhala pabedi lachitatu, nadina belu.

Ku tebulo la anamwino kunali zii.

Anadinanso. Namwino wina anathamanga kuchokera m'kolido n'kunena kuti kwayaka nyali ya kuchimbudzi. Anayesa bedi lachinayi: palibe. Lachisanu linayatsa nambala ya bedi loyamba. Foni ya m'chipinda chochiriramo inali yakufa ngati mwala. Kompyuta ya ku mankhwala inkangozunguza kachizindikiro kake, osapeza inzake ya polandirira odwala.

"Tionetseni kumene mawaya amakumana," anatero mayiyo.

A Zilibwino anatsegula kachipinda kaja. Azamba anali asanalowemo chiyambire ntchitoyo. Anaona mabolodi achitsulo kumanzere, loyera lothyoka mano kumanja pafupi ndi denga, ndipo pakati pake mawaya opingasana, omangidwa mfundo za tepi yakuda, ena akulendewera opanda kolowera. Pansi panali mulu wa zidutswa wofika m'kakolo.

Mayi wa imviyo sanakweze mawu. "Amayi, inu ndi mzamba, sindikuphunzitsani. Mayi akayamba kutaya magazi sakhala ndi mphamvu zokuwa. Chala chokha ndi chimene chimatsala. Belu likapanda kulira, kapena likatumiza namwino ku bedi lolakwika, mukudziwa chimene chimachitika. Zina zonse zili m'malo, koma chiphaso sitingapereke. Ulendo wathu wina kuno ndi pakatha miyezi itatu."

Galimoto ya oyendera itachoka, azamba anauza anamwino kuti apinde zofunda. Sanayang'ane amuna awo. Anatenga foni, naimbira mng'ono wawo, kenaka alamu awo aakulu, nawapempha onse kuti Loweruka m'mawa apezeke pachipatalapo.

Loweruka anthu anayi anaima m'kolido, pakhomo pa kachipindako. A Lamya ndi Injiniya anapatsana moni wouma ngati chikuni.

"Ine za mawaya sindidziwa," anayamba azamba. "Ndikufuna funso limodzi liyankhidwe. Ntchito ino inapatsidwa kwa ndani?"

"Kwa ine," anatero onse awiri nthawi imodzi.

Anayang'anana. A Lamya anatulutsa kiyi m'thumba. Injiniya anatulutsanso wake. Makiyiwo anali ofanana ngati mapasa, ndipo onse anali ndi kachingwe kofiira kamene a Zilibwino anamangirira kuti asasowe.

"Anandiuza kuti inu munangobwereka nthambo kuti muyese makina," anatero a Lamya.

"Ine anandiuza kuti inu mumangoyesa, ndipo mumaiwala chifukwa cha ukalamba. Ndinapempha nambala yanu, anati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi."

"Ine? Magazi anga akuthamanga lero lino, poyamba ayi." Mkuluyo anatembenukira kwa mng'ono wake. "Ndimaiwala? Ndi zimene ukuuza anthu?"

A Zilibwino anatsegula pakamwa, koma Injiniya anali asanathe. Analoza mfundo za tepi zija. "Bambo, nthambo za makompyuta sizilola kulumikiza chonchi, ndiponso sizifuna kumasulidwa. N'chifukwa chake ndinkadula. Si chipongwe."

"Nanga ndani anandiuza kuti muno muli za makompyuta? Ine ndinauzidwa za mabelu ndi mafoni. Mukanandionetsa pulani, ndikanatenga mabelu ndi mafoni pa 66, inu n'kutenga makompyuta pa 110 panupo. Masiku awiri tikanamaliza."

"Ndi zomwe ndinanena tsiku loyamba, ndili pomwe mwaimapo."

Kwa kanthawi awiriwo anaiwala kuti ndi okwiyirana. Analowetsa mitu m'kachipindamo, wina akuloza apa, wina apo, akugwirizana pa chilichonse: kuti lumo la 66 ndi limene linathyola mano, kuti zothawira m'paipi sizingatulukenso, kuti zotsalazo zafupika moti palibe khoma limene zingafike, kuti denga liyenera kung'ambidwa kuyambira ku wodi mpaka polandirira odwala. A Lamya anapepesa za mano aja. Injiniya anati mizere yawo inali yaukhondo kuposa ya amisiri ambiri amene amagwira nawo ntchito. Akanakumana masabata atatu m'mbuyomo, bwenzi ali mabwenzi.

Atatulutsa mitu, onse anayang'ana munthu mmodzi.

"Ine sindinkafuna kukhumudwitsa munthu," anatero a Zilibwino ndi mawu otsika.

Azamba anawatembenukira. "Chabwino, bambo. Tawerengani amene simunawakhumudwitse."

Panalibe woti awerengedwe. A Lamya anaika kiyi wawo pazenera la m'kolido. "Ndakulera ine, ndipo ukanandiuza kuti achimwene, ntchito iyi yakupitirirani, ndikanadandaula tsiku limodzi n'kuiwala. Koma wandisandutsa mbava yolowa mseri kukaphwanya ntchito ya mwana wa eni, kawiri konse, iwe utagwirira makwerero. Muno sindipondanso." Ananyamula chikwama chawo napita kokwerera basi, osalola kuperekezedwa.

Injiniya naye anaika kiyi wake pambali pa winayo. "Achemwali, mundikhululukire. Masiku anga opuma anayi athera muno, ana kunyumba osandiona. Kuntchito andituma kumpoto miyezi iwiri kuyambira Lolemba, ndinkati ndikhala nditamaliza. Ndikupatsani dzina la mmisiri wina wodziwa. Koma muzilankhula naye inuyo."

Masana a tsiku lomwelo azamba anakhala polandirira odwala, pampando wokutidwabe ndi pulasitiki, n'kuyamba kuimbira amayi khumi ndi mmodzi aja, mmodzimmodzi, kuwauza kuti akalembetse kwina. Wachisanu ndi chiwiri anali mtsikana amene iye mwini anabadwira m'manja mwa azambawo zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, ndipo anali atakana zipatala zonse kuti mwana wake woyamba alandiridwe ndi manja omwewo. Atamva nkhaniyo anangoti, "Ndiye ndipite kuti, amayi?" Azamba anamuuza dzina la mnzawo wodalirika, natseka foni, naimbira wotsatira. Mwa anamwino atatu aja, awiri anapeza ntchito kwina mwezi usanathe.

Mmisiri wachilendo anabwera sabata yotsatira, bambo wonenepa wosakonda nkhani. Anayang'ana m'kachipindamo, naimba kamluzu kamodzi, osafunsa kuti zinatheka bwanji. Anyamata a siling'i aja anaitanidwanso kudzang'amba denga limene anapaka okha. Fumbi loyera linagwera pamabedi atsopano, pamakatani, mpaka m'kabati ya mankhwala. A Zilibwino anapatsidwa tsache ndi ndowa, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yokhayo imene azamba anawasiyira. Nthambo zatsopano zitatsika, mmisiriyo anafunsa mabolodi amene akufunika. Azamba anayankha okha, akuwerenga papepala limene mng'ono wawo anawalembera: zonse pa 110, nambala pa nthambo ndi pa bolodi, kabowo kolowera munthu m'denga, kiyi mmodzi. Mabolodi anayi a 66 anazulidwa n'kuikidwa m'katoni.

Katoniyo a Zilibwino anainyamula okha kupita nayo kumunda kwa achimwene awo, akuyembekeza kuti mwina ikhala potsegulira nkhani. Anapeza a Lamya akuthirira mitengo. Mkuluyo anayankha moni osatembenuka, naloza ndi chibwano pakhonde kuti katoniyo aiike pamenepo, napitiriza kuthirira. Mpando sunatulutsidwe. Pobwerera anaimbira Injiniya kuti apepese; foni inaitana mpaka kutopa, ndipo patapita kanthawi uthenga unafika pafoni ya azamba wofunsa ngati alamu amafuna kanthu. Kunyumba chakudya chinkaikidwa patebulo panthawi yake, koma nkhani za chipatala zinkakambidwa iwo akatuluka.

Chipatala chinatsegulidwa patatha miyezi inayi, ndipo mabelu ake amalira pomwe akuyenera. Pa tsiku lotsegulira, mipando iwiri ya kutsogolo imene inasungidwira achibale inakhala yopanda anthu mpaka mwambo unatha. A Zilibwino anali ndi amisiri awiri odziwa ntchito, onse a pabanja, onse ofunitsitsa kuthandiza, ndipo aliyense mwa iwo payekha akanawapulumutsa. Anathamangira uku, nathamangira uko, kuopa kusiya kwina, mpaka mtambo unawatsanulira mvula ali pabwalo. Akale anaziona zotere, n'chifukwa chake anati mapanga awiri avumbwitsa.